Lachitatu, magetsi atazima

Lero ndafika mochedwa, minibasi yake yoima pa siteji iliyonse, ndiye ndapeza mwana wa achemwali anga ali pamphasa ndi foni yanga yakale ija akuonera katuni ya ku Japan, ijatu yoti munthu akakwiya tsitsi limaima njo nkusanduka lachikasu kenako phiri lonse kuligumula ndi chibakera chimodzi. Mnyamatayu ali sitandade 4, ngochepa thupi komanso ali ndi chibwibwi, kusukulu anzake amamuyeserera akamayankhula. Ndiye wandiyang'ana nkunena kuti ankolo ine nditakhala ndi mphamvu zimenezi palibe angandiyambe. Mtima wanga unachita kuwawa, ndinasowa chomuyankha.

Cha m'ma 7 magetsi thii, foni nayo batire yatha. Tinakhala pakhonde tikudya mbatata yootcha, amayi anangoyamba okha kuti padangokhala, ife tili tonse. Anasimba ya chilala ija, nyama zonse zikukumba chitsime Kalulu nkukana, koma usiku iye yemweyo kumabwera kudzatunga mpaka kusambamo. Anaika Fisi kuti alondere, Kalulu anamunyengerera ndi uchi nkumumanga. Mkango ndi ukali wake wonse chimodzimodzi, anaupeza mmawa uli chimangire. Kamba atati ndiyeseko ine nyama zinafa nacho chiseko, koma iye anangodzipaka ulimbo pamsana nkukhala duu m'mbali mwa madzi ngati mwala. Kalulu kumenya ndi dzanja lakanirira, linalo lakanirira, mwendo nawo basi wagwidwa.

Nthano imeneyi ndaimva kambirimbiri koma lero ndi pomwe ndaona kuti Kamba sanasanduke chilichonse ayi. Chigoba chomwecho chimene ankamuseka nacho, kuchedwa komweko, ndi zomwe zinagwira wakuba amene analepheretsa Mkango. Ngakhale wa mu katuni uja tsitsi silinangoyamba kuwala, anamenyedwa kangapo nkumabwerera kukaphunzira, koma mwana amangoona pothera pake ndipo sindikumuda nazo, nanenso pa msinkhu wake ndinkafuna mphamvu zobwera tsiku limodzi.

Mwanayo anafunsa kuti agogo ndiye Kamba anakhalabe Kamba yemweyo? Amayi anati eya mdzukulu wanga, yemweyo. Anakhala chete kanthawi kenako anati mawa nthano asimba ndi iye, ndipo anayamba kuyeserera pompo. Pa mawu oti chitsime anakakamira nthawi ndithu, palibe anamuthandiza kumaliza, tinangodikira mpaka anatulutsa yekha.