Voti ya mwana wosalankhula: sabata imodzi m'kalasi ya ku England

Sabata ya UK Parliament Week, yophunzitsa za nyumba ya malamulo ya ku Britain, imagwa mu Novembala, ndipo ndi nthawi imene masukulu ena a ku England amatulutsa poyera mfundo zimene boma limatcha British values. Kalasi yathu ndi ya sukulu ya ana ofunika chithandizo chapadera: ophunzira 8 a zaka 14 mpaka 16, mphunzitsi mmodzi ndi omuthandizira atatu. Asanu ali ndi autism, vuto lokhudza kulankhulana ndi kumvana ndi ena, ndipo atatu mwa iwo salankhula ndi pakamwa. Mmodzi ali ndi Down syndrome, awiri ali ndi ulumali waukulu wa thupi ndi ubongo ndipo amayenda pa njinga ya olumala. Aliyense ali ndi EHCP, chikalata chochokera m'lamulo la Children and Families Act la 2014, cholongosola zosowa za mwana ndi zolinga zake.

Mfundo za British values zija ndi zinayi: demokalase, ulamuliro wa malamulo, ufulu wa munthu aliyense, komanso kulemekezana ndi kulolerana pakati pa anthu a zikhulupiriro zosiyana. Zinalembedwa mu 2011 mu Prevent, ndondomeko ya boma yoteteza anthu kuti asakopeke ndi zauchifwamba, ndipo mu Novembala 2014, nkhani yotchedwa Trojan Horse, ya mphekesera yoti Asilamu ena okhwimitsa chipembedzo akufuna kulanda masukulu a ku Birmingham, itavuta, unduna wa maphunziro unatulutsa malangizo oti masukulu azizilimbikitsa mwakhama. A Ofsted, bungwe loyendera masukulu, akabwera amafunsa za zimenezi. Koma kufotokozera demokalase mwana amene mawu ake onse ndi timakhadi ta zithunzi m'fayilo, imeneyo ndi ntchito yotsalira m'kalasi.

Lolemba tinayamba ndi kuchotsa zimene zinali pakhoma: mbendera, thipoti, basi yofiira ya ku London ndi chithunzi cha Mfumu Charles. Zoterezi zimakongoletsa khoma basi, mwana satolapo kanthu. M'malo mwake tinamata zithunzi zinayi za Widgit, zojambula zoimira mawu, zokhala ndi mawu amodzi amodzi: sankha, lamulo, ayi, mnzanga. Chilichonse chili ndi chizindikiro chake cha manja cha Makaton, njira yolankhulira ndi manja yothandiza ovutika kulankhula, ndipo akulu onse anayi amachita chizindikirocho mofanana, chifukwa mmodzi akapotoza dzanja mwa njira yake ana amaona ngati ndi mawu ena. Timakhadi timakutidwa ndi pulasitiki ndipo timapangidwa tiwiritiwiri, poti kamodzi kamatafunidwa Lachitatu lisanafike.

Tsiku lalikulu linali Lachiwiri, la chisankho. Funso liyenera kukhala la chinthu chimene chidzachitikedi, ndiponso posachedwa. Linali lakuti: Lachisanu masana tiphike pitsa kapena tikasewere pa trampoline, chinsalu chodumphirapo? Zosankha ziwiri zokha. Zikakhala zitatu, theka la kalasi limangoyang'ana kumwamba.

Misampha yake ndi yodziwika. Mwana wobwereza mawu amene wamva amatchula chinthu chomaliza chimene mwanena, choncho mukafunsa kuti pitsa kapena trampoline, yankho limakhala trampoline nthawi zonse. Ena amatenga khadi lililonse limene lili kudzanja lamanja. Njira yake ndi kufunsa kawiri, ulendo wachiwiri mutasinthanitsa mbali ndi dongosolo la mawu. Mayankho akafanana, voti yawerengedwa. Akasiyana, mwanayo sanasankhe kanthu, ndipo timabwerezanso ikatha nthawi yopuma pogwiritsa ntchito zinthu zenizeni m'malo mwa zithunzi: thireyi yophikirapo ndi masokosi odumphira. Kwa awiri a pa njinga aja timayika zinthuzo motalikirana pafupifupi theka la mita, molingana ndi maso awo, n'kudikira mwakachetechete masekondi khumi kapena kuposerapo. Akulu awiri amaona kumene maso akhazikika, aliyense n'kulemba payekha asanauzane. Kudikirako n'kovuta kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa wamkulu amafuna kudzaza chete ndi mawu, ndipo akangotero mwana amayambiranso kumvetsera kuchokera poyamba.

Msampha woipitsitsa ndi wa wothandizira amene wagwira dzanja la mwana n'kulitsogolera ku bokosi. Amachita mwachifundo, koma voti imeneyo ndi yake. Ndiye lamulo lathu n'lakuti wamkulu agwire pachigongono kapena asagwire n'komwe. Bokosi ndi katoni ya nsapato yobowola pamwamba, ndipo limakhala kuseri kwa chotchinga kuti wina asatengere mnzake. Powerenga, timakhadi timandandalikidwa pansi m'mizere iwiri kuti kutalika kwa mzere kuonekere kwa amene manambala sawadziwa. Pitsa inapeza 5, trampoline 3.

Kugonja ndi gawo la phunziro, ndipo kumafunika kukonzekera. Mnyamata wina anataya mpando ataona mzere wake wafupika. Bolodi la "tsopano" ndi "kenako" linali litakonzedwa kale: Lachisanu lino pitsa, Lachisanu la mawa trampoline. Ena anganene kuti demokalase yeniyeni sipepesa ogonja motero. N'zoona, koma mwana akaphunzira kuti kuvota kumathera m'kulira, ulendo wina sadzayandikira bokosi. Ndipo ana awa adzavota ndithu: ku Britain ulumali wa ubongo suchotsera munthu ufulu wovota, kungoti kuchokera pa lamulo la Elections Act la 2022, pamalo ovotera ku England pamafunika chitupa chokhala ndi chithunzi. Ambiri mwa iwo alibe pasipoti kapena laisensi, choncho makolo timawauziratu za Voter Authority Certificate, chitupa chovotera chimene khonsolo imapereka ulere.

Lachitatu inali nkhani ya malamulo. A m'kalasi ndi anayi okha, ndipo amanena choyenera kuchita osati choletsedwa: "yenda m'khonde", osati "usathamange". Chifukwa chake n'chakuti ena amatenga mawu monga momwe alili, moti mukati usathamange, pa masewera olimbitsa thupi amakana kuthamanga. Vuto lina ndi la mwana amene wagwira lamulo kwambiri n'kusanduka wapolisi wa anzake. Iyeyo amalemberedwa kankhani kafupi, ka mtundu wa Social Stories umene anayambitsa Carol Gray, konena kuti kukumbutsa malamulo ndi ntchito ya akulu. Ulamuliro wa malamulo umamveka bwino pamene lamulo lagwira wamkulu: mphunzitsi amalowa dala ndi foni m'manja, ana amaloza khadi, iye n'kupepesa n'kuiyika m'kabati. Amaseka kwambiri, ndipo saiwala.

Masana kunabwera wothandizira apolisi wa m'deralo, PCSO. Chithunzi chake chinali pa ndandanda ya tsiku kuyambira Lolemba, tinamupempha kuti azimitse wailesi yake asanalowe, ndipo anakhala mphindi 15 zokha. Mtsikana wina anakana kulowa, n'kumaonera pazenera. Tinamusiya.

Kumusiyako ndiye phunziro la Lachinayi m'mawa, la ufulu wa munthu. Kwa ife amene tinakulira ku Malawi, kumene mwana sayankha wamkulu kuti ayi, apa pamafunika kudzigwira. Mwana wolumala amene waphunzitsidwa kumvera wamkulu aliyense ndiye amene sachedwa kuchitiridwa nkhanza. Khadi la "ayi" limakhala pa desiki iliyonse, ndipo likakwezedwa wamkulu amaima kaye. Pali zina zimene mwana sangakane, monga mankhwala a khunyu kapena kusintha thewera, koma ngakhale pamenepo pali chosankha: amuthandize ndani mwa awiri, pompano kapena mchenga wa m'kabotolo koyezera mphindi zisanu ukatha. Chosaloledwa ndi kufunsa kuti "ukufuna?" pa chinthu chimene mudzachita ngakhale akane.

Za zipembedzo timadutsira m'zogwira, zomva ndi zolawa. Sabata ino inali ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu: nyali za batire m'malo mwa makandulo, lubani ayi chifukwa awiri ali ndi mphumu, ndi maswiti ogula okhala ndi mndandanda wa zosakaniza chifukwa ambiri a ku India amakhala ndi mtedza kapena mkaka. Mwezi wa mawa tidzapita ku gurdwara, nyumba yopemphereramo Asikh, kumene amavula nsapato ndi kufunda kumutu, ndiye tayamba kale kuyeserera duku kwa masekondi ochepa tsiku lililonse kwa amene sapirira kanthu kumutu. Makolo ali ndi ufulu wochotsa mwana m'phunziro la chipembedzo, choncho kalata imapita kunyumba kutatsala sabata ziwiri.

Tsiku lomwelo mnyamata wina anabwereza mawu onyoza Asilamu, m'kamvekedwe ka munthu wa pa YouTube. Kuyambira 2015 masukulu ali ndi udindo wa Prevent pansi pa lamulo la Counter-Terrorism and Security Act, ndipo wogwira ntchito saloledwa kungoti "sakudziwa zimene akunena", ngakhale kawirikawiri zimakhala choncho. Mawuwo amalembedwa ndendende monga anatulukira, ndi nthawi ndi malo, n'kuperekedwa tsiku lomwelo kwa mkulu woona za chitetezo cha ana pasukulu. Kumukalipira pagulu kumangopangitsa mawuwo kukoma, ndipo amawabwereza sabata yonse. Mkuluyo anaimbira makolo foni kuti aone zimene mwanayo amaonera usiku.

Lachisanu m'mawa uvuni wa chipinda chophikira unapezeka kuti wasungitsidwa ndi kalasi ina. Wina anati tingosintha, tipite ku trampoline, ana sazindikira. Akanazindikira, ndipo za Lachiwiri zonse zikanapita m'madzi. Tinapempha uvuni wa kukhitchini ya sukulu kwa theka la ola, ana anakonzera pitsa m'kalasi, ndipo mizere iwiri ya timakhadi ija inali pakhoma kuti aliyense aone chifukwa chake tikuphika. Zithunzi ndi zolemba zinalowa m'mafayilo awo, za awiri a pa njinga aja motsatira engagement model, njira yoyezera ophunzira imene imayang'ana zinthu monga kuyembekezera, kulimbikira ndi kuyamba chinthu pawekha. Mmodzi wa iwo anatembenuzira mutu ku thireyi asanaitanidwe, ndipo zinalembedwa pansi pa kuyembekezera. Khadi la trampoline lasunthidwa kale kupita pa Lachisanu la mawa, ndipo holo yasungitsidwa kuyambira 1 koloko.