Ulendo wa ku Wiriyamu ndi Moatize: momwe mabwalo a m'midzi amayanjanitsira anthu

Gulu lathu la achinyamata a m'boma la Angónia ku Mozambique, amene tikuphunzira ntchito yoyanjanitsa anthu, linanyamuka ku Ulongwe kupita ku Wiriyamu, kumene asilikali a Apwitikizi anapha anthu a m'midzi pa 16 December 1972. Pobwerera tinakamvera milandu pa bwalo la m'mudzi m'boma la Moatize, ndipo phunziro lalikulu linali pamenepo.

Pangano la mtendere la Frelimo ndi Renamo litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya pa nkhondo yapachiweniweni ya mbali ziwirizi. Bungwe lofufuza zoona, longa la ku South Africa, kuno silinakhalepo. Wopha ndi woferedwa anabwerera m'mudzi umodzi, ndipo ena amene anathawira ku Malawi anapeza minda yawo ikulimidwa ndi anthu ena. Zonsezi zinagwera mafumu, mipingo ndi mabwalo a m'midzi.

Mabwalowa anakhazikitsidwa ndi lamulo 4/92. Satsekera munthu m'ndende. Amayanjanitsa, amalamula chindapusa, kubweza zowonongeka, kapena ntchito ya m'mudzi yosapitirira masiku 30. Wosakhutira amapita nawo mlandu kukhoti la boma.

Pa mlandu wa munda, woyanjanitsa amamva kaye mbali iliyonse payokha tsiku la bwalo lisanafike. Kenako onse amapita kumundako, akuluakulu n'kuloza malire: chulu, mtengo wa mango, manda a makolo. Lamulo la malo, 19/97, limalola umboni wapakamwa. Koma lomwelo limatetezanso munthu amene wakhala pamalo zaka 10 mosaba ndi mosanyenga, choncho mwini wakale ndi wolima lero onse angakhale ndi ufulu. Apa m'pamene ophunzira ambiri amathamangira kufunafuna wolakwa, pomwe kawirikawiri njira yake n'kugawa mundawo. Chogwirizanacho chilembedwe, mboni za mbali zonse zisaine, ndipo woyanjanitsa abwererenso nthawi ya dzinja, chifukwa malire amasunthidwa ndi khasu.

Chimene chimawononga kwambiri n'kugwiritsa anthu chanza wolakwa asanabweze kanthu. Wolakwiridwa amavomera poopa mfumu, mkwiyo n'kukhala mumtima, mlandu n'kudzuka chaka chamawa. Mayi wamasiye nayenso sangatsutse alamu ake pagulu. Amvedwe padera, pali mayi mnzake. Ndipo nkhanza za m'banja si zokambirana pansi pa mtengo ayi: lamulo 29/2009 limaziika m'manja mwa apolisi ndi khoti, ndipo woyanjanitsa wozibisa amaika moyo wa munthu pachiswe.

Ntchito zoyanjanitsa anthu zimapezeka m'mipingo, m'mabungwe oona za malo, ndi ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Chipwitikizi chimafunika polemba, koma pomvera anthu a m'maboma a Moatize ndi Changara, Chichewa chokha sichikwana, phunziraninso Chinyungwe.