Onse anayankha kuti "Yes sir"

Mu staffroom mwathu mkangano wa mphunzitsi wodziwa ntchito sutha. Ena amati ndi pepala basi: wa digiri ya ku Chancellor College sangafanane ndi wa dipuloma ya ku Domasi. Ena amaloza zotsatira za MANEB, ndipo sindiwatsutsa kwenikweni. Mwana akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale masamu akhoze bwanji. Makolo akabwera kudzadandaula, oyamba kutchulidwa timakhala ife aphunzitsi a Chingerezi.

Ine ndinkakhulupirira mapepala ena, ma scheme ndi ma lesson plan, momwe timalembamo dongosolo la zophunzitsa. Anga anali audongo, mizere yojambula ndi rula, ahedi ankachita kuonetsa anzanga.

Anandichotsa matama ndi ana a Fomu 1 pa CDSS yomwe ndinayambira ntchito. Analipo oposa 90, ena atakhala pansi, mabuku asanu ndi awiri okha. Ndinaphunzitsa passive voice kwa mphindi 40, m'Chingerezi chokhachokha, chosalala ndithu. Nditafunsa ngati amva, kalasi yonse inayankha pamodzi kuti "Yes sir!" Madzulo ndikuchonga makope, thukuta linandituluka. Ambiri anangokopera funso lomwelo, ena kuika "was" paliponse pomwe paoneka mpata.

M'mawa mwake ndinalemba pa bolodi: Galu waluma mwana. Pansi pake: Mwana walumidwa ndi galu. Kunali kuseka. Ndiye mtsikana wina wa kumbuyo, yemwe mawu ake ndinali ndisanawamvepo, anati, "Sir, ndiye 'by' ija ndi 'ndi'?" Zomwe ndinavutika nazo dzulo lake, iye anazimasula ndi funso limodzi. Passive voice anaidziwa kalekale ali kumsana kwa amayi ake, ine ndi amene sindinamufunse.

Mphunzitsi mnzanga wachikulire atamva anandiitanira pambali. "Achimwene, mukuwaononga anawa. Mayeso sadzabwera m'Chichewa." Sananame. Ndipo pasukulupo mwana akagwidwa akulankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo chotchetcha udzu, tsono ine ndinali ngati ndikuthyola lamulo ndi choko m'manja.

Mpaka lero sitinagwirizane. Iwo amati katswiri ndi amene salankhula Chichewa m'kalasi ngakhale pang'ono. Ine ndimayang'ana ngati mphunzitsi amatha kuzindikira "Yes sir" wabodza. Ma scheme ndimalembabe, koma funso loti "Have you understood?" ndinalisiya. Ndimangopereka choko kwa wa kumbuyo, abwere alembe chiganizo chake.