Kanyenyezi koyenda kaja

Dzulo magetsi atazima tinatuluka kukakhala pamchenga ndi mphwanga, mukudziwa kutentha kwa kuno ku Mangochi mnyumba simugoneka. Nyali za asodzi a usipa zili ngwee patali uko, kenako mwana uja akuti amalume taonani nyenyezi ikuyenda. Ndinamuuza kuti iyo si nyenyezi ayi, ndi siteshoni ya mumlengalenga, muli anthu mmenemo amadya amagona akuzungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse. Anangoti kukamwa yasa.

Koma ine mtima unapita kwa oyamba aja.

Siteshoni yoyamba inali Salyut 1, a Soviet Union anaiponya pa 19 April 1971. Gulu loyamba, lomwe linapita pa chombo cha Soyuz 10, linafika ndithu koma kulumikiza chombocho ku siteshoni kunavuta, anabwerera osalowamo. Mu June anapita atatu pa Soyuz 11, Georgy Dobrovolsky, Vladislav Volkov ndi Viktor Patsayev, amenewa analowa nakhalamo masabata atatu, kwawo anthu akuwaonera pa TV, Patsayev mpaka anakwanitsira zaka 38 konko. Pobwera pa 30 June kavalavu kamodzi kanatseguka nthawi yosayenera mpweya onse nkutuluka, ndipo sanavale masuti oteteza aja chifukwa mkachombomo munali mothina anthu atatu sakanakwana atavala. Chombo chinatera bwinobwino ndi parachuti yake, anthu akutsegula chitseko kuti awalandire, anawapeza ali phee m'mipando yawo.

Izi zimandipweteka kwabasi, mwina chifukwa ndakulira kunyanja. Ife timadziwa kuti boti silimira ndi mwera okha, kabowo kakang'ono kosamata phula nkokwanira, ndiye taganizani ulendo onse wautali uja kuutha nkudzafera pakhomo. Zitachitika izi anasintha, Soyuz inayamba kunyamula awiri okha, atavala masuti.

A ku America nawo sizinawayendere poyamba. Siteshoni yawo ya Skylab itangonyamuka pa 14 May 1973 chotchinga dzuwa chinang'ambika, sola imodzi nkuthothoka inayo nkukanirira osatambasuka, mkati kunatentha moti munthu sakanakhalamo. Pete Conrad ndi anzake awiri anapita ndi chinthu ngati ambulera nkukachitambasula pamwamba, kenako anatuluka panja kukamasula sola ija ndi manja. Ndimawakonda anthu amenewa eti, ali ngati amakanika athu okonza injini ya boti pakati pa nyanja ndi zomwe zilipo. Anakhala masiku 28, gulu lomaliza linafika masiku 84.

Skylab inagwa mu July 1979, zidutswa zina zinakagwera ku Australia. Mphwanga atamva zimenezi anafunsa ngati yomwe tinaonayo ingagwere mnyanja yathu, koma inali itapita kale cha kumapiri a ku Namwera. Ndinamuuza angoloweza mayina atatu aja kaye, ndipo anawabwereza mpaka Dobrovolsky analitchula bwino.