Werengani mizere ya pulagi musanagule maikolofoni

Kanema wa kalabu yathu ya alimi a soya ndamaliza dzulo usiku, koma mtima ukundiwawabe ndikakumbukira tsiku lathunthu lomwe linangopita pachabe.

Maikolofoni ndinagula pa Kasungu boma pompano, kaja kopanira pakolala ya malaya. Ndinawafunsa achimwene ogulitsawo ngati igwire pa laputopu, iwo akuti, "Bwana, iyi imagwira paliponse." Loweruka lonse ndinadzitsekera m'chipinda kuwerenga masamba anayi, apa kubwereza, apo kukonza, mpaka kukhosi kuuma gwa. Madzulo pomvetsera, mawu anga akumveka ngati ndili m'chitsime, tambala wa aneba ndiye ali kutsogolo. Kani laputopu inkajambula ndi kamaikolofoni kake kam'kati, yatsopanoyo osagwira ndi pang'ono pomwe.

Vuto linali pulagi. Yanga inali ndi mizere iwiri yakuda, ija amati TRS, yoyenera makamera. Laputopu yanga ili ndi bowo limodzi lokha la mahedifoni ndi maikolofoni, ngati la foni, ndipo limafuna pulagi ya mizere itatu, TRRS. Werengani mizereyo muli m'shopu momwemo, ndalama zili m'thumba.

Lolemba ndinabwererako. Anakana kubweza ndalama, ati paketi ndatsegula kale. Nanga munthu angayese bwanji chinthu chili m'paketi? Adaputa yosinthira pulagi ya mizere iwiri kukhala ya itatu analibenso, ndipo m'mashopu ena atatu amangondipatsa zogawira mahedifoni awiri. Mpaka ndinaimbira alamu anga ku Lilongwe kuti anditumizire pa minibasi, ndipo ya kondakitala inaposa mtengo wa adaputayo.

Itafika, mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, ndinasankha maikolofoni yoyenera, n'kuigogoda ndi chala kuti ndione ngati mafunde akudumpha. Ndikanagogoda chonchi Loweruka lija! Ikani 48 kHz, ndiyo ya makanema, ndipo sungani mawuwo ngati fayilo ya WAV. Pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, azisewera pakati pa -12 ndi -6 dB, akafika pa 0 amasweka ndipo sakonzekanso. Pakamwa ndi maikolofoni pazitalikirana ngati chikhatho chotambasula, muzilankhula chopatuka pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "b" usamaphulike.

Ndinaiwala za chaja. Laputopu ili pamagetsi pankamveka kamng'ung'udza kosalekeza, nditaizula kanatha. Jambulani pa batire.

Masana kwathu n'kosatheka: chigayo chili pafupi, njinga za kabaza, magalimoto a pa M1, ndiye mvula ikayamba pamalata basi ingosiyani. Ndinkayamba cha m'ma 10 koloko usiku, mabulangete awiri nditapachika pazenera ndi pachitseko kuti mawu asamabwerere. Musanalankhule khalani chete masekondi 10 makina akujambula, kachigawo kameneko n'komwe Noise Reduction, yochepetsera phokoso mu Audacity, imaphunzirirapo phokoso la chipinda. Koma musaikweze kwambiri, mawu amamveka ngati a m'chitini.

Mu CapCut, pulogalamu yokonzera makanema, zinangotenga maola awiri. Ndibwerezenso, mizere itatu ngati bowo lili limodzi. Adaputa ija ndaimata ndi selotepi ku chingwe cha maikolofoni kuti isandisowe.