Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kanjoka ka pansi pa phale

Ndinasiyira paja mwana wathu wamkazi atatipeza kuno ku Nottingham, atakulira m'manja mwa agogo ake ku Ntcheu. Anafika ali ndi zaka 10, ndipo miyezi yoyambirira ankangokhala duu. Kusukulu aphunzitsi ankati amamva zonse koma pakamwa satsegula. Akafika kunyumba, chikwama pansi, iye kuchipinda, chitseko gwa. Ine zinkandipweteka, ndiye ndinkangolowa osagogoda n'kuyamba kumupanikiza ngati wapolisi: wadya chiyani, wacheza ndi ndani, bwanji sukundiyankha? Iye maso pansi basi.

Tsiku lina tili pa nsima anangoti, "Adadi, ndikufuna njoka."

Mbamu inandiima pakhosi. Kwathu njoka ukaiona umayamba watola ndodo, zofunsa mtundu wake zimabwera itafa kale. Amalume anga anatsala pang'ono kudulidwa mwendo mphiri itawaluma kudimba. Koma usiku mayi ake anandinong'oneza kuti, "Abambo ake, chifikireni mwanayu n'koyamba kupempha kanthu. Mukamukaniza ndiye mwatsekeratu."

Loweruka lotsatira tinali m'sitolo ya ziweto. Njoka imene ankaifunayo amaitcha corn snake, kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, madera a Florida, Georgia ndi Carolina. Ilibe ululu, imapha mbewa poikulunga ngati mmene imachitira nsato. Dzinalo ena amati linabwera chifukwa imakonda kusaka mbewa m'nkhokwe za chimanga, ena amati n'chifukwa cha kumimba kwake. Wogulitsa atakatembenuza kanjokako ndinaonadi timawanga takuda ndi toyera tondandalikana ngati njere za chimanga chamakolo. Kumsana kanali kofiirira, mawanga ake ozunguliridwa ndi mzere wakuda. Kutalika mwina masentimita 25, kuonda ngati pensulo. Anatiuza kuti kakakula kadzapitirira mita imodzi ndipo kakhoza kukhala zaka 15 mpaka 20. Ndinawerengetsera mumtima kuti mwanayu adzakwatiwa, njoka n'kutsala ndi ine.

Tinakaika m'bokosi lapulasitiki la chivundikiro chokhoma, popeza njokazi ndi akatswiri othawa. Pansi tinayala tizipalapala ta mtengo wa aspen, mbali imodzi kunsi kwa bokosi tinaika kamphasa kamagetsi kotenthetsa mpaka madigiri 29, mbali inayo yozizirirapo. Kambale ka madzi, ndi mobisala muwiri, uku ndi uku. Kumbali yofundayo kunali phale la mphika wa maluwa. Lamulo la wogulitsa linali limodzi: sabata yathunthu osakagwira.

Kanangolowa pansi pa phale paja, zii. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, osaoneka ngakhale mchira. Ine amene sindinkakafuna ndi amene mtima unayamba kundivuta. Kafa kodi? Kathawa n'kulowa m'mabulangete mwathu? Ndiye m'mawa uliwonse, mwana akusamba, ndinkazemba n'kukavundukula phale lija kuti ndingoona. Ulendo wachitatu kanapinda khosi, mutu m'mwamba, mchira ukunjenjemera n'kumamenya pulasitiki kuti trrrr. Ndisanaganize n'komwe kanandijompha chala. Kunena zoona ululu wake sunafike n'komwe pa wa chisoso chokumata pa sokosi, koma ine bambo wamkulu ndinadumpha n'kugunda mutu pa shelefu. Pofuna kukabwezera m'malo mwake kanandipaka timadzi tonunkha tochokera kumchira, fungo lake sopo anachita kulimbana nalo.

Sabata imeneyo kanakana kudya. Chakudya chake ndi tiana ta mbewa tosamera ubweya, togula touma ndi chisanu, n'kukasungunula m'madzi ofunda, kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Apa pokha ndinaseka ndekha. Ine amene ndinakula ndikukumba mbewa m'minda tikakolola, amene basi ikaima pamsewu wa M1 ndinkagula zapandodo zija, lero ndikutulutsa mapaundi kugulira mbewa njoka. Mayi ake analamula kuti zikhale m'kontena yakeyake, kutali ndi chambo chimene tinatumiziridwa.

Mwana anadziwa kuti ndine. Phale ndinali nditaliika mopotoka. Sanakalipe, anangokhala pa bedi n'kundifotokozera zimene anawerenga, ndipo aka kanali koyamba kumumva akulankhula nthawi yaitali chotero. Anati kuthengo kanjoka kakang'ono n'chakudya cha aliyense, makamaka mbalame, ndiye chilichonse chobwera chakumwamba kamachiona ngati kabawi. Kubisala si matenda, ndi mmene kamapulumukira. Mobisalamo muyenera kukhala mothina, moti thupi lizikhudza m'mbali, ndipo mukamavundukulidwa tsiku ndi tsiku ndiye kuti kalibenso pothawira, n'chifukwa chake kasiya kudya. Komanso kamayenda kukamada ndi usiku, osati nthawi imene ine ndinkakafuna.

"Adadi, musamakavundukule. Kakafuna kadzatuluka kokha."

Madzulo a tsiku limenelo ndinakwera masitepe ndi mafunso anga a masiku onse. Dzanja linafika pa chogwirira chitseko chake. Ndinaima pamenepo kanthawi, n'kutsikanso kukatsuka mbale.

Iye anawonjezera m'bokosi timipukutu takatoni totsala pa tishu ndi masamba apulasitiki kuti kaziyenda mobisika, ndipo mbali zitatu za bokosi anaziphimba ndi pepala. Tinakasiya sabata ina osakakhudza. Kenako usiku wina anaika kambewa pakhomo pa phale n'kuzimitsa getsi. M'mawa kambewa kulibe, ndipo pamimba pa kanjoka panali potumphuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma m'nyumba mwathu wodekhayo anali wa zaka 10.

Kukagwira kunayamba pang'onopang'ono. Kakadya ankadikira masiku awiri, chifukwa ukakanyamula msanga kamasanza. Ankasamba m'manja asanakagwire kuti fungo la mbewa lichoke, n'kusambanso akamaliza. Dzanja ankalilowetsa cham'mbali, n'kukanyamula chapansi ngati akutapa ufa, osakatsina ndi zala. Mphindi zisanu zokha, atakhala pansi. Masiku oyamba kankathamanga ngati madzi kuchoka dzanja ili kupita linalo, iye n'kumangosinthanitsa manja osakafinya. Patapita milungu ingapo kanayamba kuima, n'kumatulutsa lilime mofatsa kununkhiza chala chake, kenako n'kudzikulunga pamkono ngati chibangili.

Tsiku lina ndinaona maso ake achita mbuu ngati muli mkaka, khungu latuwa, ndipo kabwereranso kobisala. Ndinati basi kachita khungu. Mwana anaseka, nati kakufuna kufundula, ndipo nthawi imeneyo sikaona bwino ndiye kamapsa mtima msanga. Anaika ndere zonyowa m'kabokosi kena n'kukasiya. Patatha masiku angapo tinapeza khungu lathunthu, lopyapyala, ndi pamaso pomwe, litakoledwa pa phale.

Khungu limenelo ndi limene linatipalira. Mwana analionetsa agogo ake pa WhatsApp monyadira. Agogowo anakhala chete, kenako anati awapatse ine foni. "Kodi inu, kumeneko mwayamba kukhwima? Ndalama mumatumizazi zikuchokera kuti?" Ndinalumbira kuti kanjokako sikasanza ndalama, kamangodya zathu. Mpaka lero akaimba amafunsa kaye ngati chinthu chija chikadalipo.

Madzulo ena ndikubwera kuntchito ndinamva mawu kuchipinda kwake, chitseko chili chotsegukako pang'ono. Kanjoka kanali katasuzumira pansi pa phale, mutu wokha, lilime likuphethira. Mwana anali chigonere chafufumimba pafupi ndi bokosi akukafotokozera m'Chichewa za kusukulu: za mtsikana amene amakhala naye pa nkhomaliro, za mnyamata amene amaseka kalankhulidwe kake ka Chingerezi, za mmene amasowera mbatata yootcha ya agogo. Zonsezo ine ndinali ndisanazimvepo. Ndinakhala pa masitepe ndi jekete langa losavula mpaka atamaliza.

Za tsiku limene kanathawa n'kukapezeka m'nsapato ya mayi ake, tidzakambirana m'gawo likubwerali.