Layer 2 yanuyanu pa maseva a eni: zomwe taphunzira tisanadine batani

Kukhazikitsa netiweki ya Layer 2 pamwamba pa Ethereum kwaphweka masiku ano. Ethereum ndi netiweki ya ndalama za crypto, ndipo Layer 2 ndi netiweki ina yomwe imayendetsa ma transaction payokha n'kumatumiza kaundula wake ku Ethereum; ya mtundu womwe tikukamba pano imatchedwa rollup. Makampani ngati Conduit, Caldera ndi Gelato amachita ntchito yotchedwa Rollup as a Service: inu mumadzaza fomu, iwo amaika makontrakiti (mapulogalamu oyenda pa netiweki) pa Ethereum, kuyatsa maseva, n'kukupatsani adiresi ya RPC (yolumikizira chikwama ku netiweki), tsamba la mlatho (woolotsera ndalama pakati pa Ethereum ndi netiweki yanu) ndi explorer (tsamba loonerapo ma transaction), yomwe nthawi zambiri imakhala Blockscout. Kwa ife kuno ku Mangochi zimenezi n'zokopa, chifukwa sequencer, makina olandira ma transaction, imayenera kugwira ntchito usana ndi usiku, ndipo singakhale pa kompyuta ya m'nyumba momwe magetsi amathima, intaneti n'kumadukaduka. Koma titasanthula chidutswa chilichonse, taona kuti kampani imakusenzerani makina okha. Zisankho zomwe zingatayitse ndalama za anthu zimatsala kwa inu, ndipo zambiri zili pa fomu yomwe ija imene munthu amadzaza mothamanga.

Funso loyamba pa fomu ndi mtundu wa mapulogalamu. Otchuka ndi OP Stack, yomwe kampani ya Coinbase idamangira netiweki ya Base mu 2023, Arbitrum Orbit, komanso a ZK (otsimikizira ma transaction ndi umboni wa masamu) monga Polygon CDK. Tifotokoza za OP Stack poti zidutswa zake zimaoneka bwino. Kenako pali chain ID, nambala yozindikiritsa netiweki. Ethereum ndi 1, OP Mainnet ndi 10, Base ndi 8453. Yanu ikhale nambala yomwe wina sanatenge, ndipo fufuzani kaye pa Chainlist, tsamba la m'ndandanda wa manambalawa. Nambalayi imalowa mu siginecha ya transaction iliyonse, choncho mukafanana ndi netiweki ina, zomwe munthu wasainira uko zikhoza kubwerezedwa kwanu. Musayembekezere kudzaisintha netiweki ikayamba.

Tsopano makina. Sequencer imalandira ma transaction, kuwandandalika, n'kutulutsa buloko (mtolo wa ma transaction) pa masekondi 2 alionse. Batcher imatenga mabulokowo, kuwapanikiza kuti achepe, n'kuwatumiza ku Ethereum. Proposer imalemba ku Ethereum chidindo chosonyeza momwe maakaunti onse alili. Batcher ndi proposer aliyense ali ndi chikwama chake, ndipo amalipira gas (mtengo wotumizira transaction) mu ETH yeniyeni, ndalama ya Ethereum.

Apa ndi pomwe tikufuna mukhazikike mtima. Pulogalamu ya chikwama ngati MetaMask ikaonetsa kuti ndalama zapita, ndi sequencer yokha yomwe yavomera, ndipo bulokoyo imatchedwa unsafe. Imasanduka safe batcher ikaifikitsa ku Ethereum, kenako finalized Ethereum ikatsimikiza. ETH ikatha m'chikwama cha batcher, netiweki imaonekabe yamoyo ndipo anthu amatumizirana ndalama monga mwa masiku onse, koma ku Ethereum sikufika kanthu. OP Stack imadikira mabuloko 3,600 a Ethereum, omwe pa masekondi 12 iliyonse ndi maola 12. Nthawiyi ikadutsa, ma node (makompyuta osunga kaundula wa netiweki) amadzaza mpatawo ndi mabuloko okhala ndi madipoziti ochokera ku Ethereum okha, ndipo zonse zomwe zinali unsafe zimafufutika. Taganizirani wogulitsa usipa ku Msaka yemwe wapereka katundu ataona pa foni kuti walipidwa, mawa lake n'kupeza kuti malipirowo palibe. N'chifukwa chake muyenera kufunsa kampani, ndipo iyankhe polemba, kuti amadzaza chikwamacho ndani ndipo chenjezo limapita pa foni ya ndani ndalama zikatsika. Inunso muziyang'anira nokha kutalikirana kwa unsafe ndi safe.

Za kosungira deta. Chiyambireni kusintha kwa Ethereum kotchedwa Dencun pa 13 Malichi 2024, ma rollup amatumiza deta m'mapaketi otchedwa ma blob, iliyonse ya 128 KB. Blob mumalipira yonse, idzaze kapena isadzaze, ndiye netiweki ya anthu ochepa ikamatumiza pafupipafupi imagula malo opanda kanthu. Mungauze batcher kuti izidikira nthawi yotalikirapo, koma mabuloko amachedwa kukhala safe, ndipo kudikirako kusayandikire maola 12 aja. Chinanso, ma node a Ethereum amafufuta blob pakatha masiku pafupifupi 18. Wofuna kuyambitsa node yatsopano chaka chamawa adzafunika nkhokwe ya ma blob akale kapena snapshot (kope la deta ya netiweki). Njira zina zosungira deta monga Celestia, EigenDA ndi AnyTrust ya Arbitrum n'zotsika mtengo, koma mukasankha izo chitetezo cha deta yanu sichikhalanso pa Ethereum, ndipo ogwiritsa ntchito ayenera kuuzidwa zimenezi poyera.

Makiyi, manambala achinsinsi osainira ma transaction, ndiwo nkhani yaikulu kuposa zonse. Kiyi ya sequencer, ya batcher ndi ya proposer zimakhala pa maseva a kampani, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo. Koma pali kiyi ya mwini ProxyAdmin, yomwe ingasinthe makontrakiti a mlatho, OptimismPortal ndi L1StandardBridge, momwe muli ndalama zonse zomwe anthu awolotsa. Wogwira kiyi imeneyi akhoza kukokolola mlatho wonse. Iyenera kukhala mu multisig ya Safe, chikwama chofuna siginecha za anthu angapo, mwachitsanzo yofuna anthu 3 mwa 5. Aliyense wa ku banki m'khonde akuidziwa kale nzeruyi: bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Chomwe chimaiwalika n'chakuti makiyiwo akhaledi osiyana, pa ma hardware wallet (tizipangizo tosungira makiyi) osiyana, osati onse pa laputopu imodzi kapena pa maseva a bungwe limodzi. Mlatho wa Ronin udabedwa mu Malichi 2022, ETH 173,600 ndi USDC (tokeni yolingana mtengo ndi dola) 25.5 miliyoni, akuba atapeza makiyi 5 mwa 9. Werengani nokha pa Etherscan, explorer ya Ethereum, kuti mwini wa makontrakiti anu ndi adiresi iti, musangodalira zolembedwa pa tsamba la kampani.

Kutulutsa ndalama kumafuna masitepe atatu: kuyambitsa pa Layer 2, kupereka umboni pa Ethereum, kenako kumaliza pakatha masiku 7. Masitepe awiri omalizawo amafuna gas wa ku Ethereum, ndipo proposer ikaima, umboni wa zotuluka zatsopano sungaperekedwe. Uzani anthu za masiku 7 amenewa asanalowetse ndalama, chifukwa wozolowera Airtel Money kapena Mpamba amayembekeza kutapa nthawi yomweyo.

Zonsezi ziyesedwe pa Sepolia, netiweki yoyeserera ya Ethereum, chain ID 11155111, komwe ETH yake ilibe mtengo. Lowetsani, tulutsani mpaka kumapeto, yendetsani node yanu kuti muone ngati ikugwirizana ndi ya kampani, ndipo tumizani transaction kudzera mu depositTransaction pa OptimismPortal, njira yomwe imatsala ngati sequencer yafa kapena ikukukanani.

Mtengo umabwera mu madola mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo ETH ya batcher ndi proposer. Ngakhale mutasankha tokeni yanuyanu kukhala gas, ku Ethereum mudzalipirabe ETH. Amene akukumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa zomwe bilu ya madola imachita ku bajeti ya makwacha. Reserve Bank of Malawi idanenanso kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka mwalamulo m'dziko muno, choncho funsani a zamalamulo musanasunge ndalama za anthu.

Maganizo athu ndi akuti kaundula wa malonda a nsomba pakati pa Makanjira, Monkey Bay ndi pa boma sakufuna netiweki yakeyake. Kontrakiti imodzi pa Base kapena Arbitrum One ikukwanira, ndipo kumeneko mlatho, zikwama ndi USDC zilipo kale. Layer 2 yanu imayamba kukhala ndi phindu ma transaction akachuluka mpaka kumadzaza ma blob, kapena mukafuna malamulo a gas omwe netiweki za onse sizilola. Mukafika pamenepo, musasaine mgwirizano wopanda ndime yonena kuti tsiku lomwe mudzafune kuchoka, kampani idzakupatsani mafayilo oyambitsira netiweki, genesis.json ndi rollup.json, ndi snapshot yaposachedwa, komanso kuti mwini kontrakiti ya SystemConfig ndinu, kuti muthe kuika batcher ndi sequencer zatsopano popanda kupempha chilolezo chawo.